Ndani Apereke Fayilo? Mbiri ya Mafayilo Osasintha pa Webu

Pamene Tim Berners-Lee ankayatsa seva yoyamba ya webu ku CERN, kufupi ndi mzinda wa Geneva, chakumapeto kwa 1990, palibe amene akanafunsa kuti mafayilo osasintha aziperekedwa ndi ndani. Imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni ya seva. Kompyuta yake inali ya mtundu wa NeXT, ndipo anamatapo kapepala kochenjeza anzake kuti asaizimitse. Browser inkatumiza liwu limodzi, GET, ndi dzina la tsamba lomwe ikufuna. Seva inkapita pa disiki, n'kutenga fayilo ya HTML, n'kuitumiza monga ilili, kenako n'kudula kulumikizanako. Adiresi ya tsamba inali njira yolunjika ku fayilo yomwe ili mu foda inayake, moti munthu akaiwerenga ankatha kudziwa pomwe fayiloyo yagona.

Mu Febuluwale 1993 Marc Andreessen, yemwe ankalemba browser ya Mosaic ku NCSA, pa yunivesite ya Illinois, anabweretsa ganizo la tagi ya IMG yolowetsa chithunzi mkati mwa tsamba. Kuyambira pamenepo tsamba limodzi linaleka kukhala fayilo imodzi. Browser ikalandira HTML inkayenera kubwereranso kwa seva kukapempha chithunzi chilichonse pachokha. JavaScript ya Brendan Eich inafika mu 1995, CSS yomwe anaiganizira Håkon Wium Lie inavomerezedwa mu Disembala 1996, ndipo katundu woperekeza tsamba anachulukirachulukira. Awa ndiwo mafayilo omwe olemba mapulogalamu amangowatcha ma static: zithunzi, CSS, JavaScript ndi mafonti, zomwe aliyense wotsegula tsambalo amalandira zofanana ndendende.

M'chaka chomwecho cha 1993, ku NCSA komweko, kumene Rob McCool ankalemba seva ya NCSA HTTPd, kunabadwanso CGI. Seva ikaona kuti pempho likuloza ku foda ya cgi-bin, sinkatumiza fayilo ayi. Inkadzutsa pulogalamu, kawirikawiri yolembedwa mu Perl, n'kutumiza zomwe pulogalamuyo yalemba. Seva inali ngati mwini sitolo wogulitsa zovala zosokeratu, ndipo pulogalamu inali telala wa pakhonde, woitanidwa pokhapokha kasitomala akafuna chovala chomuyeza. Mwini sitolo anali seva. Mfundo iyi ndi yofunika kuisunga, pakuti mavuto ambiri omwe ophunzira amakumana nawo lero anayamba pamene udindowu unatembenuka.

McCool atachoka ku NCSA, anthu omwe ankagwiritsa ntchito seva yake anayamba kutumizirana zigamba zoikonzera, ndipo mu 1995 anazisonkhanitsa n'kutulutsa Apache. Pofika 1996 inali seva yotchuka kuposa zonse. PHP ya Rasmus Lerdorf, yomwe inatulukanso mu 1995, inakwanirana bwino ndi dongosolo lomwelo. Mu foda ya htdocs kapena public_html munkakhala index.php, pambali pake logo.gif, ndipo Apache inkayang'ana mapeto a dzina la fayilo n'kudziwa kuti iyi n'njotumiza, iyi n'njoyendetsa. Omwe anayamba ntchito nthawi imeneyo amasimba kuti kwa ambiri kunalibe kusiyana pakati pa pokonzera tsamba ndi pomwe anthu akulionera. Munthu ankasintha fayilo pa kompyuta yake n'kuikweza ndi FTP, ena ankasinthira pa seva pompo alendo akuwerenga. Zinali zosavuta kumvetsa, koma zinali ndi choopsa chake: chilichonse chomwe chaikidwa mu foda ija, ngakhale fayilo yosunga mawu achinsinsi a database yomwe wina waiiwala mmenemo, aliyense wodziwa dzina lake ankatha kuipempha n'kupatsidwa.

Zaka zomwezo ndi pomwe kunakhazikitsidwa malamulo akuti fayilo isatumizidwe kawiri popanda chifukwa. HTTP/1.0, yolembedwa mu 1996, inalola seva kunena tsiku lomwe fayilo inasinthidwa komaliza ndi tsiku lomwe idzathe ntchito. Browser yomwe yasunga kale chithunzi mu cache yake inkangofunsa ngati chasintha chichokereni tsiku lija, ndipo ngati sichinasinthe seva inkayankha ndi nambala 304, popanda kutumiza chithunzicho. HTTP/1.1 ya 1997 inawonjezera Cache-Control ndi ETag. Zonsezi Apache inkazichita bwino pa mafayilo a pa disiki, pomwe pulogalamu ya CGI inkayenera kuzilemberedwa ndi mwini wake, ndipo ambiri sankadzivutitsa nazo.

Kenako anthu anachuluka pa intaneti, maseva n'kuyamba kulemedwa. Apache ya nthawiyo inkapereka process yathunthu kwa mlendo aliyense wolumikizidwa. Anthu atalowetsa Perl kapena PHP mkati mwa Apache kuti masamba azifulumira, process iliyonse inanenepa, n'kumadya memory yambiri. Tsono taganizirani process yolemera chotere itamangika kwa masekondi angapo ikutumiza kachithunzi kakang'ono kwa munthu wa modemu yochedwa ya pa telefoni. Pa nthawi yonseyo singathandize wina aliyense. Apa ndi pomwe panachokera langizo lomwe akatswiri akhala akupatsirana mpaka lero, lakuti pulogalamu yako isamapereke ma static, kutsogolo kwake uike seva yopepuka. Mu 1999 Dan Kegel analemba za vuto lomwe analitcha C10K, la momwe kompyuta imodzi ingasamalire anthu 10,000 nthawi imodzi. Linux inalandira sendfile, njira yochotsa fayilo pa disiki kupita pa netiweki popanda kuikoperanso mu memory ya pulogalamu. Jan Kneschke anatulutsa lighttpd mu 2003, ndipo Igor Sysoev, yemwe ankagwira ntchito ku Rambler ku Russia, anatulutsa nginx pa 4 Okutobala 2004. Maseva awa sankapereka process kwa mlendo aliyense, choncho alendo zikwizikwi ochedwa sankawatopetsa. Ku MIT nako, Tom Leighton ndi Danny Lewin anayambitsa Akamai mu 1998 pa ganizo lakuti makope a mafayilo azisungidwa m'maseva ambiri, kufupi ndi owapempha. Ganizo limeneli ndilo maziko a ma CDN.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi ma framework. David Heinemeier Hansson anatulutsa Ruby on Rails mu 2004, ataichotsa mu pulogalamu ya Basecamp. Ku Lawrence, m'boma la Kansas, Adrian Holovaty ndi Simon Willison ankalemba zida zoyendetsera masamba a nyuzipepala ya Lawrence Journal-World, ndipo zidazo zinatulutsidwa kwa anthu onse mu Julayi 2005 pa dzina la Django. Mu ma framework awa adiresi inaleka kuloza ku fayilo. Pempho lililonse linkafikira kwa pulogalamu, yomwe inkayang'ana pa mndandanda wake wa ma URL n'kusankha chochita. Telala uja anali atatenga sitolo yonse, ndipo panafunika kugwirizana mwatsopano kuti zosokeratu aziperekabe ndani.

Rails inapatula foda ya public, kuti seva yakutsogolo iziyamba yayang'ana mmenemo isanavutitse pulogalamu. Django inanena mosabisa kuti kupereka mafayilo si ntchito yake, ndipo malangizo ake oyambirira ankafotokoza momwe ungauzire Apache kuti ma adiresi a zithunzi ndi CSS asadutsire ku Python, kapena momwe ungaikire seva ina yapadera ya mafayilo okhaokha. Koma ma framework onsewa anabweranso ndi mphatso ina yomwe inakopa anthu ambiri, kaseva kakang'ono koyesera. Wa Rails ankayatsa WEBrick, wa Django ankalemba runserver n'kutsegula 127.0.0.1:8000, tsamba n'kuoneka pompopompo popanda kukhazikitsa Apache. Apa ndi pomwe maiko awiri anabadwira. Pa laputopu pali pulogalamu imodzi yochita zonse, yofuna kuti ukasintha mtundu wa batani uone kusinthako nthawi yomweyo, choncho siisunga kanthu kwa nthawi yaitali. Pa seva ya production, yomwe anthu amaonerapo tsamba, pali mapulogalamu awiri kapena atatu ogawana ntchito, ofuna kuti fayilo itumizidwe kamodzi n'kusungidwa kwa nthawi yaitali momwe zingathekere. Zofuna ziwirizi n'zotsutsana, ndipo palibe dongosolo limodzi lomwe lingakhutiritse zonse popanda kusinthidwa penapake.

Zaka zoyambirira za Django zinali zosokonekera pa nkhani iyi. Liwu limodzi lakuti media linkaimira CSS ya tsamba komanso zithunzi zokwezedwa ndi alendo. Panali ka view kotchedwa serve komwe munthu ankakalumikiza yekha poyesera, ndipo malangizo ankachenjeza kuti n'kochedwa komanso n'kosatetezeka. Chenjezolo silinali longoopseza. Mu 2009 kunapezeka kuti gawo la kaseva koyesera lomwe linkapereka mafayilo a tsamba la admin la Django linkatha kunyengedwa ndi adiresi yopangidwa mochenjera, n'kupereka mafayilo a kunja kwa foda yake. Amene anali pangozi ndi omwe anasiya kaseva koyesera kali poyera pa intaneti. Vutolo linakonzedwa, koma linasonyeza chifukwa chake ntchito yooneka yophweka ngati kutenga fayilo n'kuitumiza imafuna pulogalamu yomwe yayesedwa kwa zaka zambiri.

Dongosolo lomwe tikulidziwa lero linakhazikika mu Malichi 2011 ndi Django 1.3, yomwe inalowetsa staticfiles, ntchito yomwe Jannis Leidel anaitsogolera. Ma static anapatulidwa ku media. App iliyonse inaloledwa kusunga CSS ndi zithunzi zake mu foda yakeyake ya static. Poyesera, DEBUG ikakhala True, runserver imafufuza m'mafoda onsewo pempho lililonse likabwera. Potulutsa tsamba kwa anthu, munthu amayendetsa collectstatic, yomwe imatolera mafayilo onse n'kuwaunjika mu foda imodzi yotchulidwa mu STATIC_ROOT, ndipo nginx kapena Apache imauzidwa kuti pempho lililonse loyamba ndi /static/ iziliyankha kuchokera mmenemo.

Dongosololi n'labwino, koma lagwetsa ulesi ophunzira osawerengeka. Munthu wamanga tsamba lake, zonse zikuoneka bwino. Tsiku lotulutsa afika pa settings.py, asintha DEBUG kukhala False monga anauzidwira, atsegula tsamba la admin, n'kupeza zilembo zakuda pa pepala loyera, maulalo abuluu atandandalikana chotsika, mabokosi olowera ali mbali imodzi opanda mtundu uliwonse. Akatsegula zida za mu browser apeza mizere yofiira ya 404 pa fayilo iliyonse ya CSS. Palibe chomwe chawonongeka. Django yangosiya ntchito yomwe inkamugwirira poyesera, poganiza kuti kutsogolo kuli seva ina, pomwe sevayo kulibe kapena sinauzidwe kolowera. Ena amapeza njira ya runserver --insecure n'kuganiza kuti athana nalo, chonsecho dzina lake lomwelo likuwachenjeza. Ine ndimaona kuti Django sinalakwe kukana ntchitoyo, koma kukana mwakachetechete, popanda uthenga wouza munthu chomwe chasowa, n'kumene kwatayitsa anthu nthawi yambiri. Palinso kamsampha kena ka m'banja lomweli: Windows ndi macOS mwachizolowezi sizisiyanitsa Logo.png ndi logo.png, pomwe Linux ya pa seva imasiyanitsa, moti chithunzi chooneka bwino pa laputopu chimasowa chikafika ku production.

Pamene ena ankakangana za amene apereke fayilo, ena anali ataona kuti funso lalikulu ndi lakuti fayiloyo ipemphedwe kangati. Steve Souders wa ku Yahoo, m'buku lake la 2007 la High Performance Web Sites, anasonyeza kuti nthawi yambiri yomwe munthu amadikira tsamba siithera pa HTML koma pa katundu woliperekeza, ndipo analangiza kuti browser iziuzidwa kusunga mafayilowo kwa nthawi yaitali kwambiri. Koma ukauza browser kuti isunge style.css chaka chathunthu, mawa lake ukasintha fayiloyo alendo ako akale aziona tsamba latsopano litavala CSS yakale. Rails inayamba yayesa kumata nthawi yosinthira fayilo kumapeto kwa adiresi, pambuyo pa chizindikiro cha funso, koma ma cache ena sankasunga ma adiresi oterowo, ndipo maseva awiri a tsamba limodzi ankatha kupereka nthawi zosiyana. Yankho lokhalitsa linali kuwerengera nambala kuchokera m'kati mwa fayilo momwemo n'kuilowetsa m'dzina lake. Fayilo ikasintha ngakhale chilembo chimodzi, dzina limasintha, ndipo browser imaiona ngati yatsopano. Rails 3.1 inabweretsa zimenezi mu 2011 ndi asset pipeline. Django inatsatira mu 2012, ndipo mu 2014 Django 1.7 inabweretsa ManifestStaticFilesStorage, yomwe imamata zilembo ndi manambala 12 pa dzina lililonse n'kulemba mndandanda wa maina akale ndi atsopano mu fayilo ya staticfiles.json.

Kwa ine ichi ndicho chinthu chanzeru koposa m'mbiri yonseyi, ngakhale kuti chinakulitsa mpata pakati pa maiko awiri aja. Tsopano ngakhale maina a mafayilo ndi osiyana. Template yotchula fayilo yomwe kulibe imangosowetsa chithunzi chimodzi poyesera, koma ku production imagwetsa tsamba lonse ndi 500, chifukwa dzinalo silikupezeka pa mndandanda uja.

Nthawi yomweyo malo osungirako mapulogalamu ankasintha. Amazon inatsegula S3 mu 2006 ndi CloudFront mu 2008, ndipo ambiri anayamba kutumiza ma static awo kumeneko. Heroku inabweretsa njira yomwe munthu amangokankha pulogalamu yake ndi git, osakhudza seva konse. Kumeneko kunalibe nginx yoti uisinthe wekha, ndipo disiki inkafufutika pulogalamu ikayambanso. Langizo lakale lija loika seva yopepuka kutsogolo linasowa pogwira. Mu 2011 Adam Wiggins wa ku Heroku komweko analemba mfundo za Twelve-Factor App, ndipo mfundo yakhumi inali yakuti pokonzera ndi potulutsira pazifanana momwe zingathekere.

Mu 2013 David Evans anatulutsa WhiteNoise, yomwe inachita chomwe akuluakulu ankaletsa: kupereka ma static kuchokera mu Python, ku production. Maganizo ake anali omveka. Pulogalamu ikamayamba, WhiteNoise imawerengeratu mndandanda wa mafayilo onse, choncho siipereka chilichonse chomwe sichili pa mndandandawo. Makope opanikizidwa ndi gzip kapena Brotli amakonzedweratu nthawi ya collectstatic. Mafayilo a maina okhala ndi nambala ija amapita ndi uthenga wouza browser kuti isadzawafunsenso. Ndipo ukaika CDN kutsogolo, Python imangopereka fayilo iliyonse maulendo ochepa, otsalawo CDN ndiyo imayankha. Kuchedwa kwa Python, komwe kunali chifukwa chenicheni cha langizo lija, kunasiya kukhala nkhani yaikulu. Rails nayo inaika RAILS_SERVE_STATIC_FILES kuti woifuna aiyatse, ndipo a Node.js, omwe Express yawo inabwera ndi express.static, sankaona chachilendo n'kale lomwe. Langizo lakale silinali labodza. Linabadwa m'nthawi ya modemu ndi ma process olemera, ndipo ambiri anapitiriza kulibwereza atayiwala chomwe linkateteza.

Chomwe sichinasinthe ndi nkhani ya mafayilo okwezedwa ndi alendo, ndipo apa ndi pofunika kusamala kuposa pa CSS. Ma static amalembedwa ndi mwini tsamba, amadziwika tsamba lisanatuluke, ndipo akatayika amapangidwanso ndi lamulo limodzi. Chithunzi cha chiphaso chomwe munthu wakweza chikatayika chatayika basi. Komanso fayilo ya mlendo ikhoza kukhala HTML kapena SVG yobisa JavaScript, yomwe ikaperekedwa pa adiresi ya tsamba lako imagwira ntchito ngati ndi yako. N'chifukwa chake Google imapereka zoterezi pa googleusercontent.com, GitHub pa githubusercontent.com, kutali ndi adiresi zawo zenizeni. WhiteNoise imanena poyera kuti si ya media. Pa mafayilo achinsinsi pali njira yogawana ntchito yomwe ndimaikonda: pulogalamu imaona ngati wopemphayo ali ndi chilolezo, kenako n'kuuza nginx kudzera mu X-Accel-Redirect kuti itumize fayiloyo yokha.

JavaScript inabweretsa mpata wamtundu wina. Chiyambireni webpack ya Tobias Koppers mu 2012, yomwe imamanga mafayilo ambiri pamodzi, mafayilo omwe wolemba mapulogalamu amalemba si omwe browser imalandira. Poyesera, webpack-dev-server imasunga zotuluka zake mu memory, moti ukazifuna pa disiki suzipeza. Vite, yomwe Evan You anaiyamba mu 2020, imapereka fayilo iliyonse payokha pa port 5173 pamene browser yaipempha, koma potulutsa imamanga zonse pamodzi n'kuziika mu foda ya dist ndi maina okhala ndi nambala. Wogwiritsa ntchito Django kapena Rails pamodzi ndi zida izi amakhala ndi maseva awiri oyesera pa laputopu imodzi, ndi mindandanda iwiri ya maina a mafayilo yoti igwirizane ku production. Chifukwa cha kusiyana kwa poyesera ndi potulutsa, Vite ili ndi lamulo la preview, loti munthu aone zomangidwazo asanazitumize.

Pali chinthu chimodzi chomwe laputopu singakuonetse, ndicho mtunda. Pa 127.0.0.1 fayilo ya ma megabyte awiri imafika m'kuphethira kwa diso, ndipo siilipiridwa. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake imadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja, ngati SEACOM yomwe inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya 2010. Cloudflare inatsegula malo ake oyamba mu Africa ku Johannesburg mu 2014, ndipo zoterezi zinafupikitsa ulendo wa mafayilo omwe ali pa CDN. Koma tsamba lomwe seva yake ili ku Ulaya, lopanda kupanikiza mafayilo, losauza browser kusunga kanthu, limachititsa munthu wa foni ku Mzimba kapena ku Nsanje kukopera JavaScript yomweyo nthawi iliyonse akalitsegula, bandulo yake n'kumatha. Wolemba tsambalo saziona, pakuti kwa iye zonse zinayenda bwino poyesera.

Lero njira zonse zakale ndi zatsopano zikugwira ntchito limodzi. Docker, yomwe inafika mu 2013, inapangitsa kuti collectstatic ya Django kapena assets:precompile ya Rails iziyendetsedwa pomanga image, mafayilo n'kumayenda pamodzi ndi pulogalamu yomwe ikuwatchula. Django idakali pa mfundo yake ya 2011: DEBUG ikakhala False siipereka ma static, ndipo kusankha pakati pa nginx, WhiteNoise ndi S3 imasiyira mwini tsamba. Rails 8, yomwe inatuluka mu Novembala 2024, inasankhira anthu ake. Inaika Propshaft m'malo mwa Sprockets, yomwe inkayendetsa asset pipeline ija, kuti izingomata nambala pa maina a mafayilo, ndipo mu Dockerfile yake inaikamo Thruster, kaseva kakang'ono kolembedwa mu Go komwe kamakhala kutsogolo kwa Puma, seva yoyendetsa Rails, mkati mwa container yomweyo, n'kumapanikiza, kusunga ndi kutumiza mafayilo kuti Ruby isavutike nawo.